Timizere ta m'kope langa lofiira



Sabata yatha ndimasuntha makatoni m'nyumba poti denga layamba kudontha chakuchipinda. Pansi pa katoni ina ndinapeza kope lofiira lachikuto cholimba, ngodya imodzi itadyedwa ndi chiswe. Amene munali Fomu 3 mu 2018 mukulidziwa bwino kope limeneli, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munkalitchula mayina oti sindingalembe pano. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulitsegula, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati makatoniwo adzisuntha okha.

Kwa amene simukulidziwa, m'kopemo muli mayina 84 a ophunzira anga a Jogalafe pa sekondale ina yoyendera kuno ku Machinga. Kutsogolo kwa dzina lililonse kuli timizere. Aliyense amene wakweza mkono n'kulankhula m'kalasi ndinkamuikira kamzere kamodzi. Pamwamba pa onse pali mnyamata wa timizere 61. Chakumunsi kuli mtsikana wa timizere 2. Lero ndikufuna ndikambe za anthu awiriwa, komanso funso limene landisautsa zaka zonsezi: kodi kuchuluka kwa nthawi zimene munthu walankhula pagulu kumatiuza chiyani za munthuyo?

Nzeru yowerenga timizere sindinaitenge ku koleji ayi. Ndinaitenga kwa malume anga, achimwene awo a mayi, amene anali telala pakhonde la sitolo ina pa Balaka. Apa n'kuti Balaka isanakhale boma payokha, poti mpaka 1998 tinali mbali ya Machinga. Ndili mwana wayilesi m'dziko muno inali imodzi yokha, ya MBC, ndipo pambali pa makina awo osokera malume ankaika wayilesi ya Nzeru, mabatire ake akumawayanika padzuwa kuti akokeko masiku. Chimene ankakonda kwambiri chinali pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa. Ankalemba makadi opereka moni kwa abale ndi anzawo, n'kupempha nyimbo, kawirikawiri ya Alleluya Band poti ndi yakwathu. Ine ndinali wothamangitsidwa kukaponya makadiwo ku positi ofesi.

Dzina lawo likangotchulidwa pa wayilesi, malume ankaimitsa makina, n'kutenga choko chawo cholembera nsalu, n'kukoka kamzere kunsi kwa tebulo. Timizere tikakwana 4, kachisanu ankakapingasa. Anali ndi mnzawo wopikisana naye, bambo wina wokonza njinga ku Ntaja, amene anali asanaonanepo naye n'kamodzi komwe. Ankangodziwana mayina pa wayilesi. Dzina la bamboyo likamveka kawiri sabata imodzi, malume ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Wa ku Ntaja uja wandipitanso. Mphwanga, mawa udzuke m'mamawa." Mayi ankati malume akungotaya ndalama pa masitampa. Koma ine ndinkaona kuti pamsika anthu ankawapatsa moni mwaulemu wina, ndipo ena ankabwera kudzasoketsa atangomva dzina.

Tsono mu Seputembala 2018, teremu yoyamba itangoyamba, kunabwera oyendera sukulu. Anakhala kumbuyo kwa kalasi langa piriyodi yonse, ndipo potuluka anandiuza mwaulemu kuti phunziro linali labwino koma wolankhula ndinali ine ndekha. Sanalakwe. Ana ankangondiyang'ana ngati ndikuwerenga uthenga wa maliro. Usiku umenewo ndinakumbukira tebulo la malume. M'mawa mwake ndinagula kope lofiira, ndipo ndinalengeza kuti aliyense wolankhula alandira kamzere, ndipo teremu ikamatha ophunzira 10 a timizere tambiri ndidzawawonjezera malikisi pa mayeso.

Masabata awiri oyamba ndinadziona ngati katswiri. Mikono inali m'mwamba ngati chimanga cha mu Febuluwale. Ndinafika ponyadira mu sitafu rumu kuti ndapeza mankhwala a kalasi logona, ndipo aphunzitsi anzanga awiri anagula makope awoawo.

Sabata yachitatu ana anaiphunzira njira yanga kuposa mmene ankaphunzirira Jogalafe. Funso lofuna zifukwa zitatu, mnyamata ankapereka chimodzi n'kukhala pansi, kenako n'kukwezanso mkono kuti apereke chachiwiri. Wina ankaimirira n'kunena kuti, "Sala, ine ndikugwirizana ndi mnzangayu," basi, maso ali pa cholembera changa. Wina ankapempha kuti ndibwereze funso limene walimva bwinobwino. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anyamata ena anayi anapangana kuti mmodzi aziyankha molakwa dala kuti mnzake amukonze, onse n'kupeza kamzere, mawa lake n'kusinthana. Amene munkachita zimenezi musade nkhawa, mlandu unatha. Kunena zoona munandiposa nzeru.

Zoterezi sizinayambire ku Machinga. Mu 1902, mumzinda wa Hanoi ku Vietnam, atsamunda a ku France anavutika ndi makoswe, ndipo anayamba kulipira anthu pa khoswe aliyense wophedwa, umboni wake uli mchira. Michira inabwera yambirimbiri. Kenako akuluakulu anayamba kuona makoswe opanda michira akuyenda mumzinda, chifukwa anthu ankadula mchira n'kumusiya khoswe kuti akaswane. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, ananenapo mu 1975 mfundo yofanana nayo, yoti muyezo ukangosanduka chinthu chimene anthu akuweruzidwa nacho, umasiya kuyeza zoona. Ine ndinkafuna ana oganiza mokweza, koma ndinkalipira kuimirira. Anandipatsa chimene ndinkalipiracho.

Zikanathera pamenepa, bwenzi ili nkhani yoseketsa chabe. Koma siinathere pamenepa.

Chakumapeto kwa 2018 nyanja ya Chilwa inaphwa mbali yaikulu, monga ambiri mukukumbukira. Mabwato anangokhala pamatope ong'ambika. Mu Novembala tikuphunzira za nyanja ndi mitsinje, ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani Chilwa imaphwa pamene nyanja ya Malawi siiphwa. Mikono inakwera. Woyamba anati kusintha kwa nyengo. Wachiwiri anati kusintha kwa nyengo ndi kudula mitengo. Wachitatu anati kudula mitengo ndi kusintha kwa nyengo. Onse analandira timizere tawo.

Pakona yakumbuyo panali mtsikana wina wochokera chakunyanja, dera la Mposa, amene ankayang'ana pawindo. Ndivomere kuti ndinamuloza pofuna kumuchititsa manyazi. Anaimirira n'kukhala chete nthawi yaitali, anzake n'kuyamba kuseka. Kenako anafunsa chapansipansi ngati angayankhe m'Chichewa. Ndinalola, ngakhale lamulo lathu linali la Chingerezi.

Anati Chilwa ndi nyanja yosaya, moti malo ambiri bambo ake amayendetsa bwato pokankha pansi ndi nsungwi. Anati ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo madzi ambiri amene amachoka m'nyanjamo amatengedwa ndi dzuwa ndi mphepo. Anati mitsinje ngati Domasi ndi Likangala ikabwera ndi madzi ochepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, dzuwa limamwa oposa amene alowa. Anati si koyamba, chifukwa agogo ake anaiona itaphwa kale, ndipo mu 1995 amayi ake anayendapo pansi. Anamaliza ndi kunena kuti matemba satheratu, amathawira m'mitsinje ndi m'maiwe otsala, ndipo ndi omwewo amene amadzadzazanso nyanja madzi akabwerera, choncho wopha nsomba m'maiwe amenewo ndi ukonde wa udzudzu akudya mbewu.

Kalasi linangoti zii. Zonse zimene ndinakonza kuti ndiphunzitse tsiku limenelo anali atazinena, ndipo za matembazo ine sindinazilembe n'komwe m'pulani yanga. Ndinamuthokoza, ndinatsegula kope lofiira, ndipo ndinamuikira kamzere kamodzi, kofanana ndendende ndi ka mnyamata uja anati kusintha kwa nyengo. Kanali kamzere kake kachiwiri komanso komaliza.

Mu Disembala ahedi anandiitana. Munthu wina wakufuna kwabwino anali atadzipereka kulipirira ana awiri a Fomu 3 mpaka amalize Fomu 4, ndipo ankafuna ana ovutika koma olimbikira. Poti ndinali mphunzitsi woyang'anira kalasilo, mayina ndinayenera kupereka ndine, tsiku lomwelo. Ovutika analipo oposa 30. Kuti ndisankhe awiri popanda wondinena kuti ndakondera, ndinatsegula kope lofiira. Ndinapereka mnyamata wa timizere 61 ndi mtsikana wina wa timizere 48. Ndinatuluka mu ofesimo mtima uli m'malo, poti manambala anali atandisankhira.

Mu Januwale 2019 mtsikana wa ku Mposa uja sanabwere. Anzake anati kwawo kulibe ndalama chifukwa bambo ake sakuphanso nsomba. Mvula yamphamvu ya mu Malichi chaka chimenecho inabwezera madzi m'nyanja, koma iye sitinamuonenso pasukulu.

Ndinakumana naye mu 2022 pamsika wa Liwonde, akugulitsa mpunga, mwana ali kumsana. Ndi iye amene anandizindikira. "Sala, mwandiiwala?" Ndinamutchula dzina, ndipo anadabwa kuti ndikulikumbukira. Titacheza za kumudzi, ndinamufunsa chimene chinkandivuta, kuti bwanji ankakhala chete chonsecho zinthu ankazidziwa. Anaseka n'kunena kuti, "Sala, kwathu timalankhula Chiyao. Inu mukafunsa m'Chingerezi, ine ndimayamba ndalitembenuza funsolo m'mutu, ndipeze yankho, ndilitembenuzenso. Pofika ndakonzeka, anzanga ayankha kale atatu, inu mwapita pa funso lina." Anawonjezera kuti kwawo mwana wamkazi sathamangira kulankhula pamaso pa bambo wamkulu asanamuloze.

Za thandizo la fizi lija sankadziwa, ndipo ine sindinamuuze. Ndinagula mpunga woposa umene ndinkafuna n'kumapita. Sindinganene motsimikiza kuti ndikanamusankha akanamaliza sukulu, chifukwa mavuto a ana athu si fizi yokha. Sindinganenenso kuti awiri ndinasankhawo sanayenere, poti nawonso anali ovutika ndipo anamaliza bwino. Chimene chimandipweteka n'choti dzina lake silinandibwerere n'komwe m'mutu tsiku limenelo. Yankho labwino koposa limene ndinamva teremu yonse linali litabisala m'kamzere kamodzi.

Mayi wina wa ku America, Mary Budd Rowe, anafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1970. Anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha okha. Anapezanso kuti mphunzitsi akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana amene kale sankalankhula amayamba kuyankha. Ngati zili choncho kwa ana ophunzira m'chilankhulo cha kwawo, nanga kwa mwana wa ku Mposa, wa ku Nsanama kapena wa ku Nayuchi, amene Chingerezi ndi chilankhulo chake chachitatu?

Sabata yathayi, nditakhala pakati pa makatoni paja, ndinachita chimene sindinachite mu 2018. Ndinawerenga mayina opanda kamzere ngakhale kamodzi. Alipo 31 mwa 84. Kenako ndinayesa kukumbukira malo amene aliyense ankakhala. Mwa ophunzira 10 apamwamba aja, 8 ankakhala m'mizere itatu yakutsogolo, ndipo 7 anali anyamata. Angapo anali ana a anthu apantchito amene Chingerezi anayamba kuchimva ali aang'ono. Piriyodi ndi mphindi 40, ndipo woloza mkono ndinali ine. Ndiye kuti kope lija, limene ndinkati likuyeza khama la ana, mbali yaikulu linkalemba kumene maso anga amakonda kuyang'ana ndiponso kufulumira kwanga.

Musaganize kuti izi ndi za ana okha. Tonse tikumudziwa mphunzitsi amene msonkhano wa sitafu sungathe iye asanaimirire pa mfundo iliyonse, ngakhale kungobwereza zimene ahedi anena. Dzina lake limadzaza maminitsi, ndipo pakafunika wopita ku semina ya alawansi ndi iye amene amakumbukiridwa. Tikumudziwanso mayi uja amene amalankhula kamodzi pa teremu, koma akalankhula nkhani imatha. Kumudzinso anthu akamamvera zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo amafunsa kuti, "Wathu uja walankhulapo?" Ndi ochepa amene amafunsa kuti wanena chiyani.

Komabe sindikufuna kuti muchoke pano ndi maganizo akuti wolankhula kwambiri ndi wopanda nzeru ndipo wachete ndiye wanzeru. Limenelo ndi bodza linanso. Mwa ana 31 opanda kamzere aja, ena ankakhala chete chifukwa sanawerenge, ena chifukwa cha njala, ena chifukwa theka la teremu sanabwere. Ndipo mnyamata wa timizere 61 uja, ngakhale ena mwa mayankho ake anali a mphepo, sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe, chonsecho ankapalasa njinga mtunda wautali. Kamzere sungakapeze uli kunyumba. Ankalakwa pamaso pa anzake 83, n'kusekedwa, mawa lake n'kukwezanso mkono. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Tsiku limene iye anadwala malungo n'kumangogona padesiki, kalasi lonse linazizira.

Zimenezi zimandibwezeranso kwa malume. Anamwalira mu 2009, makadi atayamba kale kutha mphamvu poti anthu anali atayamba kutumiza moni pa foni, mawayilesinso atachuluka. Pamaliro pawo panafika bambo wina wachikulire amene palibe wachibale anamudziwa. Atapatsidwa mpata anadzitchula dzina, ndipo ife akale tinayang'anana. Anali wokonza njinga wa ku Ntaja uja. Anati anamva uthenga wa maliro pa wayilesi ndipo sakanatha kukhala, chifukwa kwa zaka zambiri dzina la malume linkamudzutsa kuti nayenso akalembe. Anthu awiriwa sanagwiranepo chanza, koma bamboyo analira ngati wataya mbale wake.

Mawu a m'makadi a malume sanali akuya. Anali moni kwa akuti ndi akuti, basi. Koma kubwerezabwereza kwake kunkauza anthu kuti telala wa pa Balaka alipo, sanatope, akuwakumbukira. Ndiye ndikafunsidwa ngati chiwerengero chili ndi ntchito kwa anthu a pagulu, yankho langa ndi lakuti inde, chili nayo, ndipo amene amati sasamala za icho nthawi zambiri amawerenga mobisa. Chimaonetsa amene amabwera, amene amapirira, amene gulu lingamudalire kuti mawa adzakhalapo. Kusiyana kwake n'kwakuti malume ankadziwerengera okha kunsi kwa tebulo lawo, ndipo palibe amene anataya kanthu chifukwa cha timizere tawo. Ine ndinatenga chiwerengero chomwecho n'kuchisandutsa malikisi, kenako n'kugawira nacho fizi.

Kope ndimasungabe mpaka pano, koma ndimaligwiritsa ntchito mosiyana. Ana sadziwa kuti lilipo ndipo silipereka malikisi. Lachisanu lililonse ndimayang'ana mayina opanda kamzere, ndipo amenewo ndi amene ndimayamba nawo Lolemba. Ndikafunsa funso ndimaletsa kukweza mkono mpaka nditawerenga chamumtima kufika pa 5. Poyamba zimenezi zimaoneka ngati chaka, koma yesani. Funso likakhala lolemera, aliyense amayamba walemba yankho lake, kenako akambirane ndi woyandikana naye m'chilankhulo chilichonse, Chiyao, Chilomwe kapena Chichewa, asanaliike m'Chingerezi. Ndimaphunzitsanso nditaima kumbuyo kwa kalasi nthawi zina, kuti akutsogolo asandukeko akumbuyo. Yankho likandidabwitsa ndimalilemba lonse kumapeto kwa kope, ndi dzina la mwini wake.

Pa nkhani ya thandizo la fizi, ndinasiya kupereka mayina tsiku lomwelo. Ndimapempha masiku atatu, ndifunse aphunzitsi a maphunziro ena, ndifunse amayi a gulu loona za atsikana pasukulu, ndifunsenso anawo kuti ndani mwa anzawo amene akuoneka kuti teremu yamawa sabwera. Ana amadziwa zimenezi kuposa ife.

Sindikunama kuti zonse zinakonzeka. M'kalasi la ana 80 kapena 90 pali ena amene chaka chimatha ndisanamve bwino mawu awo, ndipo silabasi siidikira munthu. Aphunzitsi anzanga amene muli ndi njira ina yabwino, tikakumana kochonga mayeso kapena pa depoti mundigawireko. Makamaka awiri aja munagula makope chifukwa cha kunyada kwanga mu sitafu rumu, ndikhululukireni, ndipo ngati mukadali nawo werengani mayina opanda kamzere.

Kwa inu a Fomu 3 ya 2018, anyamata anayi opangana aja ndinakukhululukirani kale, koma mukadzandiona pa Liwonde mudzandigulire Fanta. Ndipo ngati wina mwa inu amaonana ndi mnzanu wa ku Mposa uja, mumuuze kuti phunziro la nyanja ya Chilwa ndimaliphunzitsa chaka chilichonse motsata mmene iye analifotokozera, kuyambira pa nsungwi ya bambo ake mpaka pa matemba othawira m'maiwe. Mumuuzenso kuti makalasi a masana a olowa mwapadera alipo, msinkhu si vuto, ndipo akafuna kulembanso Fomu 3 abwere adzandipeze. Nkhani ya fizi tidzakambirana ine ndi iye.

Ndisiyire pomwepa, makatoni akundidikira ndipo mitambo yayambanso kuda chaku Chikala.